Dejima: Moyo ndi Maulendo a Alendo a ku Ulaya m'Dziko la Japan, 1641–1859

Kwa zaka zoposa mazana awiri, kuyambira mu 1641 kufikira m'zaka za m'ma 1850, munthu wa ku Ulaya wokhala movomerezeka m'dziko la Japan analibe kwina kogona koma pa kachilumba kochita kumanga kotchedwa Dejima, komwe kanali m'mphepete mwa doko la Nagasaki, kumadzulo kwa chilumba chachikulu cha Kyushu. Kachilumbako kanali kopindika ngati chokupizira mphepo chotambasula, kukula kwake sikunkafika mahekitala awiri, ndipo kanalumikizidwa ku mzinda ndi mlatho umodzi wokha waufupi umene alonda ankaudikirira usana ndi usiku. Boma linakonza malowa pofuna kuti katundu wa mlendo azilowa m'dziko koma mwini katunduyo, chipembedzo chake ndi maganizo ake zizitsalira kutsidya kwa madzi. Komabe mlendo sangagule, kudya, kuchiritsidwa kapena kuyenda popanda wina womuthandiza, ndipo anthu amene bomalo linawaika kuti azimuyang'anira, makamaka otanthauzira ndi ophunzira awo, ndi omwe anasanduka njira imene nzeru zinkadutsira polowa ndi potuluka.

Dongosololi linabwera pambuyo pa zaka pafupifupi zana zimene alendo ankayenda m'dzikolo momasuka ndithu. Apwitikizi anafika pa chilumba cha Tanegashima mu 1543 atanyamula mfuti, zomwe amisiri a ku Japan anaphunzira kusula m'zaka zowerengeka; Francis Xavier, wansembe wa gulu la Ajezuwiti, anafika ku Kagoshima mu 1549; ndipo pofika mu 1571 zombo zochokera ku Macau zinayamba kukocheza ku Nagasaki, komwe kale kunali kamudzi ka asodzi. Popeza njira ya Apwitikizi yochokera ku Lisbon inkadzera pa chilumba cha Mozambique ndi ku Goa, pakati pa amalinyero, antchito ndi akapolo awo panalinso anthu a ku Africa, ndipo wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Yasuke, amene anabwera mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, nakatumikira Oda Nobunaga, mtsogoleri wamphamvu wa nthawiyo, kuyambira mu 1581 mpaka imfa ya Nobunaga mu 1582. Wolemba wina wa Chifalansa, François Solier, analemba mu 1627 kuti Yasuke anali wa ku Mozambique, ngakhale kuti analemba zimenezi patadutsa zaka zambiri ndipo iye mwini sanafikeko ku Japan.

Ufulu umenewu unayamba kuchepa pamene olamulira anaona kuti chikhristu chikugawa kukhulupirika kwa anthu awo, makamaka ku Kyushu, kumene mafumu ena a zigawo, otchedwa daimyo, anabatizidwa pamodzi ndi anthu awo. Toyotomi Hideyoshi, amene analamulira pambuyo pa Nobunaga, analamula mu 1587 kuti amishonale achoke, ndipo mu 1597 anapachika akhristu 26 ku Nagasaki. Tokugawa Ieyasu, amene mu 1603 anakhala shogun, kutanthauza mkulu wa asilikali wolamulira dziko lonse m'dzina la mfumu yaikulu ya ku Kyoto, analetsa chikhristu m'dziko lonse mu 1614. Pa nthawiyi Adatchi anali atafika kale: chombo chawo chotchedwa De Liefde chinakocheza ku Kyushu mu 1600 amalinyero ake ambiri atafa, ndipo woongolera wake wa ku England, William Adams, anakhala mlangizi wa Ieyasu, napatsidwa malo ndi anthu omutumikira, mpaka anamwalira ku doko la Hirado mu 1620. Kampani ya Adatchi yochita malonda kum'mawa, yodziwika ndi zilembo za VOC, inatsegula sitolo yake ku Hirado mu 1609, ndipo popeza anthu ake anali Apulotesitanti osatumiza amishonale, akuluakulu a ku Japan anawaona ngati alendo osaopsa kwenikweni. Angelezi anayesa malonda pa doko lomwelo kuyambira mu 1613, koma phindu litawakanika anatseka okha mu 1623.

Dejima inamangidwa pakati pa 1634 ndi 1636 ndi ndalama za amalonda 25 a ku Nagasaki, ndipo oyamba kutsekeredwamo anali Apwitikizi. Kenaka kunabuka kuukira kwa ku Shimabara mu 1637 ndi 1638, pamene alimi otopa ndi misonkho yolemera, ambiri a iwo akhristu, anadzitsekera m'linga lakale la Hara. Mkulu wa Adatchi, Nicolaes Couckebacker, atapemphedwa, anatumiza chombo kukaomba mizinga pa lingalo, ndipo mchitidwe umenewu unawagulira Adatchi chikhulupiriro cha shogun pamodzi ndi mbiri yoipa ku Ulaya. Apwitikizi anathamangitsidwa mu 1639, ndipo nthumwi zimene mzinda wa Macau unatumiza chaka chotsatira kukapempha kuti malonda ayambirenso zinaphedwa, anthu 61. Adatchi nawonso sanasiyidwe pamtendere, pakuti mu 1640 analamulidwa kugwetsa nyumba yawo yamiyala yosungiramo katundu ku Hirado chifukwa pakhoma pake panalembedwa chaka motsata kalendala yachikhristu, ndipo François Caron, amene ankadziwa bwino chimene kukana kukanadzetsa, anaigwetsa osawiringula. Mu 1641 anasamutsidwira pa kachilumba kamene Apwitikizi anasiya, ndipo ankalipira lendi ya makanme 55 a siliva pachaka, kanme imodzi kukhala yolemera makilogalamu atatu ndi magalamu 750. Si kuti Japan inatseka makomo onse, chifukwa malonda ndi Korea ankadzera ku Tsushima, a ku Ryukyu ankadzera ku Satsuma, a mtundu wa Ainu ankadzera ku Matsumae, ndipo ku Nagasaki komweko amalonda a ku China anali ochuluka kuposa Adatchi. Koma kwa munthu wa ku Ulaya khomo linali limodzi.

Pachilumbapo panali msewu umodzi wodutsa pakati, nyumba zamatabwa zosanjikiza zimene pansi pake ankasungamo katundu ndipo pamwamba ankagonamo, khitchini, dimba la ndiwo ndi zitsamba zamankhwala, makola a ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhuku, ndiponso mpanda wamatabwa wozungulira malo onse. Kuwonjezera pa chipata cha kumlatho panali chipata cha kumadzi, chimene chinkatsegulidwa pokhapokha zombo zikamatsitsa kapena kupakira katundu. Azungu okhazikika sankapitirira makumi awiri, ndipo nthawi zambiri ankangokhala khumi ndi ochepa: mkulu wa sitolo, amene Adatchi ankamutcha opperhoofd ndipo anthu a ku Japan ankamutcha kapitan, wachiwiri wake, wosunga katundu, alembi, dokotala ndi amisiri angapo. Pamwamba pa onsewa panali bwanamkubwa wa mzinda, wotchedwa bugyo, woikidwa ndi shogun mwiniwake, ndipo pansi pake panali otona, mkulu woyang'anira chilumbacho tsiku ndi tsiku, alonda, ogula zakudya m'malo mwa alendo, ophika, onyamula katundu ndi otanthauzira, kotero kuti oyang'anira ankachuluka kutalitali kuposa oyang'aniridwa.

Chaka cha pa Dejima chinkagawika pawiri motsata mphepo. Zombo zochokera ku Batavia, mzinda umene lero ndi Jakarta, zinkafika cha mu Julayi kapena Ogasiti ndipo zinkayenera kunyamuka mphepo ikatembenuka, cha mu Okutobala kapena Novembala. Chombo chikangoponya nangula, akuluakulu a padoko ankawerenga amalinyero mmodzimmodzi, kutenga wonga ndi zida, ndi kuonetsetsa kuti Mabaibulo ndi chilichonse chokhala ndi chizindikiro cha mtanda chatsekeredwa mumgolo mpaka tsiku lobwerera. Katundu ankafufuzidwa mosamala mpaka kubaya tchizi ndi kupisa ndodo m'migolo ya batala, chifukwa kuzembetsa kunali kofala, ndipo kunkapindulitsa antchito a kampani kuposa malipiro awo. Carl Peter Thunberg, amene anafika mu 1775, anafotokoza za oyendetsa zombo amene kale sankasechedwa, omwe ankavala chijasi chachikulu chasilika n'kuchidzaza katundu wozembetsa mpaka kufuna amalinyero awiri owachirikiza poyenda, ndipo ankapita kumtunda ndi kubwerera kangapo patsiku. Mlandu ukaululika, Mdatchi ankalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa, pamene mnzake wa ku Japan ankadulidwa mutu, ndipo kusiyana kwa zilangoku kumasonyeza bwino amene ankasenza ngozi yeniyeni ya malonda amseriwo.

Katundu wolowa kwenikweni sanali wa ku Ulaya. Kampani inkabweretsa ulusi wa silika wa ku China, Tonkin ndi Bengal, nsalu zathonje za ku India, zikopa za agwape, zikopa za nsomba zokutira zigwiriro za malupanga, mitengo yonyikira nsalu, mankhwala, ndi shuga wa ku Java wochuluka kwambiri. Potuluka inkanyamula siliva mpaka boma litaletsa kumutumiza kunja mu 1668, kenaka golide, ndipo koposa zonse mkuwa wosungunulidwa m'timipiringidzo ku Osaka, kumene banja la Sumitomo linali ndi ng'anjo zake, komanso mbale zadothi za ku Arita ndi ziwiya zopakidwa utomoni wonyezimira. Poona chuma cha m'migodi chikutha, boma linaika malire a malondawa mu 1685, linalola zombo ziwiri zokha za Adatchi pachaka kuyambira mu 1715, ndipo mu 1790 linatsitsa chiwerengerocho kufika pa chimodzi. Phindu la Dejima linkacheperachepera, komabe boma silinafune kutseka malowa, mwa zina chifukwa mkulu wa sitolo ankapereka chaka ndi chaka lipoti la nkhani za m'maiko akunja, lotchedwa fusetsugaki, limene otanthauzira ankalimasulira n'kulitumiza kwa shogun.

Zombo zikachoka, pachilumbapo pankatsala miyezi yambiri ya ulesi, imene alendo ankaitha posuta fodya m'makaliwo adothi, kumwa, kusewera mabiliyadi, kulima dimba ndi kulemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku limene kampani inkafuna. Mapemphero apoyera anali oletsedwa, Lamlungu silinkasungidwa, ndipo m'zaka zoyambirira ngakhale maliro sankaloledwa kuikidwa pamtunda, kotero kuti mitembo inkaponyedwa m'nyanja mpaka pamene anapatsidwa manda pafupi ndi kachisi wa Goshinji, kutsidya kwa doko. Khirisimasi ankaikondwerera mobisa poitcha phwando la nyengo yozizira, pamene pa 1 Januwale ankaitana otanthauzira ndi akuluakulu ena kuphwando lodyera pathebulo ndi mipeni ndi mafoloko, ndipo oitanidwawo ankakulunga nyama ndi makeke m'mapepala kuti akaonetse abale awo kunyumba. Chikwangwani cha pachipata chinkaletsa akazi onse kulowa kupatula a ku Maruyama, dera la mzinda limene boma linapatula kuti kukhale nyumba za akazi osangalatsa amuna, ndipo ena mwa akaziwa ankakhala ndi mwamuna mmodzi kwa zaka, n'kubereka ana amene ankawerengedwa kuti ndi a ku Japan ndipo sankaloledwa kutuluka m'dziko ndi atate awo. Pamene mkulu wa sitolo Jan Cock Blomhoff anabwera mu 1817 ndi mkazi wake Titia Bergsma, mwana wawo ndi mlezi, boma linakana pempho lililonse, ndipo mayiyo anabwezedwa chaka chisanathe. Komabe zithunzi zake zojambulidwa ndi amisiri a ku Nagasaki zinafalikira kwa zaka zambiri pa mapepala ndi pa mbale.

Mabuku ofotokoza za Dejima amalankhula zambiri za akuluakulu ndi madokotala, koma amangodutsa pa gulu lina limene limaoneka pafupifupi pa chithunzi chilichonse cha nthawiyo: akapolo ndi antchito obwera nawo kuchokera ku Batavia, ambiri a iwo ochokera kuzilumba za Indonesia ndi ku India. Iwowa ndiwo ankaphika, kuchapa, kuweta ziweto, kugwirira mbuye ambulera ndi kuimba zoimbira pamaphwando, ndipo anali otsekeredwa kawiri, poyamba ndi lamulo la shogun, kachiwiri ndi ukapolo. Popeza sanasiye zolemba zawo, zimene zimadziwika za iwo zimachokera m'mabuku a ambuye awo ndi m'zojambula za anthu owaonera patali.

Otanthauzira, otchedwa tsuji, ndiwo anali pakati pa zonse. Udindo wawo unali wa mabanja, wosiyirana bambo ndi mwana, ndipo unali ndi magawo kuyambira wophunzira kufikira wotanthauzira wamkulu. Mabanja a Yoshio, Motoki, Narabayashi ndi Shizuki ndi ena mwa otchuka. Iwo ankalumbira kuti sadzaulula za dziko kwa alendo, ankawerengera katundu, ankapereka malamulo a bwanamkubwa ndi kukanena chilichonse chokayikitsa, ndipo boma silinkafuna kuti Adatchi aphunzire Chijapanizi, kuti pasakhale kukambirana kodumpha anthu ake. Koma munthu amene wakula akumva Chidatchi, amene amaimirira pambali pa dokotala akamasoka bala ndi kugwira mabuku obwera pa chombo asanawaone wina aliyense, sangakhale mlonda chabe. Yoshio Kosaku anaphunzitsa zaudokotala kwa ophunzira ochuluka ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, Motoki Ryoei anafotokozera anthu a kwawo chiphunzitso cha Copernicus chakuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo Shizuki Tadao anamasulira mfundo za Newton. Choncho nzeru za ku Ulaya zinalowa ku Japan kudzera mwa antchito a boma olipidwa kuti azitchinga.

Mwayi waukulu woona dzikolo unali ulendo wokapereka ulemu kwa shogun ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Ulendowu unakhala wa chaka ndi chaka kuyambira mu 1633, unasinthidwa kukhala wa kamodzi pa zaka zinayi mu 1790, ndipo womaliza unachitika mu 1850. Azungu opita ankakhala atatu kapena anayi, mkulu wa sitolo, dokotala ndi mlembi, koma ankaperekezedwa ndi anthu a ku Japan makumimakumi, asilikali, otanthauzira, ophika ndi amtengatenga, ndipo kampani ndiyo inkalipira zonse. Ankadutsa pamtunda kuchokera ku Nagasaki kufika ku Kokura, kuoloka kupita ku Shimonoseki, kukwera chombo kudutsa nyanja ya pakati pa zilumba kulowera ku Osaka, kenaka kudzera ku Kyoto n'kutsata msewu waukulu wa Tokaido, umene unali ndi malo opumulira 53. Mkulu wa sitolo ankanyamulidwa mu norimono, kabokosi kokhala ndi zitseko kolenjekeka pa mtengo umene amuna ankasenza paphewa, kofanana ndi machila koma kotsekeka mbali zonse, pamene ena ankakwera akavalo. Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, unkatenga pafupifupi miyezi itatu.

Amene anaufotokoza bwino kuposa onse ndi Engelbert Kaempfer, dokotala wa ku Lemgo m'dziko la Germany, amene anakhala pa Dejima kuyambira mu 1690 mpaka mu 1692 ndipo anapita ku Edo kawiri. Popeza kujambula mapu kunali koletsedwa, iye anabisa kampasi m'bokosi limene ankalinyamula pakavalo, n'kumaikapo maluwa ndi nthambi kuti operekeza aziganiza kuti akungojambula zomera, ndipo mwa njira imeneyi analemba mmene msewu unkakhotera. Zimene analemba ndi za munthu woyang'ana pansi: timilu tokhala ndi mtengo pamwamba tosonyeza mtunda wa ri imodzi, yomwe ndi pafupifupi makilomita anayi, nsapato zaudzu zimene akavalo ankavekedwa m'malo mwa zachitsulo, zomwe zinkatha msanga kotero kuti ana a m'midzi ankazigulitsa m'mbali mwa msewu, alimi otola ndowe ndi nsapato zakuthazo kuti akathire m'minda, amwendamnjira opita ku kachisi wa ku Ise, ndi magulu akuluakulu a mafumu a zigawo, amene kuyambira mu 1635 ankakakamizidwa kukhala ku Edo mosinthana ndi kwawo. Pa mtsinje wa Oi panalibe mlatho kapena bwato, ndipo apaulendo ankaoloka atanyamulidwa ndi amuna odziwa madziwo, pamene pa chipata cha Hakone asilikali ankafufuza mfuti zolowa ndi akazi otuluka, poopa kuti mabanja a mafumu, omwe ankasungidwa ku Edo ngati chikole, angathawe. M'nyumba za alendo Adatchi ankapatsidwa zipinda zakumbuyo, zoyang'ana kudimba, kuti asaone zamumsewu. Zambiri zimene Kaempfer sanathe kuziona yekha anazipeza kwa mnyamata amene anapatsidwa kuti azimutumikira ndi kuphunzira zamankhwala, Imamura Gen'emon, yemwe ankamubweretsera mabuku ndi nkhani mobisa ndipo pambuyo pake anadzakhala wotanthauzira wamkulu.

Mwambo wa kunyumba ya shogun unali waufupi modabwitsa poyerekeza ndi mtunda woyendedwa. Mkulu wa sitolo ankakwawa ndi manja ndi maondo kufika pa malo oikidwa, udindo wake unkalengezedwa mofuula, ankagunditsa chipumi pansi, n'kubwerera chafutambuyo osalankhula kanthu, mphatso zake za nsalu, magalasi oonera kutali, mawotchi ndi zina zitayalidwa pambali. M'masiku a shogun Tsunayoshi pankatsatira gawo lachiwiri, limene Kaempfer analipirira monyinyirika: alendo ankalowetsedwa m'kati, kumene shogun ndi akazi a m'nyumba yake ankakhala kuseri kwa makatani ansungwi, ndipo ankauzidwa kuvula majasi, kuyenda, kuvina, kuimba, kupatsana moni monga amachitira kwawo ndi kuyerekeza munthu woledzera. Asanachoke ankawerengeredwa malamulo oletsa kugwirizana ndi Apwitikizi kapena kuvutitsa zombo za ku China, n'kupatsidwa mikanjo yasilika, imene ku Netherlands inasanduka chovala chapamwamba cha anthu olemera. Buku la Kaempfer linasindikizidwa m'Chingelezi ku London mu 1727, iye atamwalira kale, dokotala wa ku London komweko, Hans Sloane, atagula zolemba zake, ndipo kwa zaka zoposa zana ndilo linali gwero lalikulu la zimene Ulaya ankadziwa za Japan.

Ku Edo alendo ankasungidwa m'nyumba yotchedwa Nagasakiya, osaloledwa kuyenda mumzinda, koma madokotala ndi akatswiri a zakuthambo a boma ankaloledwa kudzawafunsa mafunso, ndipo m'zipinda zopanikiza za nyumba imeneyi munakulira maphunziro otchedwa rangaku, kutanthauza maphunziro a Chidatchi. Shogun Yoshimune atafewetsa mu 1720 lamulo loletsa mabuku akunja osakhudza chikhristu, mabuku a zamankhwala ndi a zakuthambo anayamba kufunidwa kwambiri. Mu 1771 madokotala Sugita Genpaku ndi Maeno Ryotaku anaonerera kutumbulidwa kwa mtembo wa munthu wonyongedwa ali ndi buku la Johann Adam Kulmus m'manja, ndipo ataona kuti zithunzi za m'bukulo zikugwirizana ndi zimene maso awo akuona kuposa ziphunzitso zakale zochokera ku China, anayamba kulimasulira ngakhale kuti Chidatchi chawo chinali chochepa, mpaka linatuluka mu 1774 ndi dzina lakuti Kaitai Shinsho. Patangopita zaka ziwiri, anzawo awiri pa ntchitoyo, Katsuragawa Hoshu ndi Nakagawa Jun'an, ankabwera ku Nagasakiya pafupifupi tsiku lililonse kudzacheza ndi Thunberg. Thunberg anali wa ku Sweden, wophunzira wa katswiri wa zomera Linnaeus, ndipo anayamba wakhala zaka zitatu ku Cape, ku South Africa, akusonkhanitsa zomera ndi kuphunzira Chidatchi kuti akathe kuoneka ngati Mdatchi. Pa Dejima, asanaloledwe kutuluka, ankafufuza m'mitolo ya udzu wobweretsera ziweto kuti apezemo maluwa ndi njere, ndipo buku lake la zomera za ku Japan linatuluka mu 1784.

Nkhondo za ku Ulaya zinafikanso pachilumbapo. Kampani ya VOC inathetsedwa mu 1799, chaka chimodzi moto utatentha nyumba zambiri za pa Dejima, ndipo mu 1808 chombo chankhondo cha Angelezi chotchedwa Phaeton chinalowa padoko chitakweza mbendera ya Adatchi, chinagwira Adatchi awiri n'kulamula kuti chipatsidwe madzi ndi chakudya, ndipo bwanamkubwa Matsudaira Yasuhide anadzipha chifukwa cha manyazi olephera kuteteza doko. Dziko la Netherlands litamezedwa ndi France mu 1810 ndipo Java italandidwa ndi Britain mu 1811, mkulu wa sitolo Hendrik Doeff ndi anzake ochepa anakhala zaka zambiri osalandira chombo cha kwawo, zovala ndi nsapato zikuwathera, akudalira thandizo la akuluakulu a mzinda. Doeff anakana kupereka sitoloyo kwa nthumwi za Stamford Raffles, amene ankalamulira Java m'dzina la Britain, mu 1813, ndipo nthawi yaulesiyo anaigwiritsa ntchito polemba, pamodzi ndi otanthauzira, dikishonale yaikulu ya Chidatchi ndi Chijapanizi, imene otanthauzirawo anaimaliza mu 1833, iye atachoka kale.

Nkhani ya Philipp Franz von Siebold imasonyeza pamene malire analekezera. Dokotalayu, wa ku Würzburg, anafika mu 1823, ndipo chifukwa cha luso lake lochiritsa analoledwa kutsegula sukulu ku Narutaki, kunja kwa mzinda, mu 1824, chinthu chimene palibe mlendo wa pa Dejima amene analoledwapo kuchita kale. Ophunzira ake ankamulembera nkhani m'Chidatchi zofotokoza zomera, ulimi wa tiyi, usodzi wa anangumi ndi miyambo, kotero kuti pophunzitsa ankasonkhanitsanso zimene ankafuna. Pa ulendo wa ku Edo mu 1826 anasinthana mabuku ndi Takahashi Kageyasu, katswiri wa zakuthambo wa boma, n'kulandira mapu ochokera pa ntchito yoyeza dziko ya Ino Tadataka, amene kuwatulutsa kunja kunali mlandu waukulu. Nkhaniyi itaululika mu 1828, Takahashi anamangidwa n'kufera m'ndende, otanthauzira ndi ophunzira ambiri analangidwa, ndipo Siebold anathamangitsidwa kumapeto kwa 1829, kusiya Kusumoto Taki ndi mwana wawo Ine, wobadwa mu 1827, amene ophunzira a bambo ake anamuphunzitsa mpaka anakhala mmodzi mwa akazi oyamba ku Japan kuchita udokotala wa ku Ulaya. Apanso chilango chowawa chinagwera eni dziko, pamene zambiri zimene mlendoyo anasonkhanitsa zinali zitafika kale ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Komabe njirayo sinatsekeke, pakuti mu 1849 dokotala Otto Mohnike ndi Narabayashi Soken anakwanitsa kupereka katemera wa nthomba pogwiritsa ntchito nkhanambo zobwera kuchokera ku Batavia, ndipo katemerayo anafalikira m'zigawo zambiri m'miyezi yochepa kudzera mwa madokotala a rangaku.

Mfumu Willem II ya ku Netherlands inalembera shogun kalata mu 1844 yomulangiza kuti atsegule madoko asanakakamizidwe, koma langizolo linakanidwa, ndipo lipoti la pa Dejima linachenjezanso za kubwera kwa zombo za America chaka chimodzi mtsogoleri wa zombozo, Matthew Perry, asanafike mu 1853. Pangano la ku Kanagawa la mu 1854 ndi mapangano a zamalonda a mu 1858 atatsegula madoko ena, kuphatikizapo Yokohama, Dejima inataya ntchito yake, ndipo mu 1859 sitolo ya Adatchi inatsekedwa n'kusanduka ofesi ya kazembe. Ntchito zokonza doko ndi kukwirira nyanja zinameza kachilumbako pang'onopang'ono mpaka mu 1904, pamene kanalumikizika kwathunthu ndi mzinda. Boma la Japan linaika malowa m'gulu la malo a mbiri otetezedwa mu 1922, mzinda wa Nagasaki unayamba mu 1996 ntchito yomanganso nyumba zake motsata mapulani ndi zithunzi zakale, ndipo mlatho watsopano pa malo a chipata chakale unatsegulidwa mu 2017.